Mayi Akakhumudwa Atabereka: Zimene Chisilamu Chimayika pa Mwamuna ndi Achibale

Mwana akabadwa m'banja la Chisilamu, zochitika zimathamangitsana. Adhana m'khutu, alendo odzaona mwana, kenako tsiku lachisanu ndi chiwiri kumeta, kutcha dzina ndi kuzinga mbuzi ya akika. Maso onse amakhala pa khanda. Mayi amafunsidwa ngati mkaka ukutuluka ndiponso ngati bala likupola, koma za mumtima mwake safunsidwa. Chonsecho bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati amayi pafupifupi 13 pa 100 alionse amene angobereka amadwala matenda a maganizo, makamaka okhumudwa, ndipo m'maiko osauka chiwerengerochi chimayandikira 20 pa 100. Ndiye kuti pa amayi khumi amene afola kusikelo ya ana, mmodzi kapena awiri abereka mwana kumbuyo mtima uli wolefuka, ndipo kunyumba kwawo akutchedwa aulesi, amwano kapena ofooka imani (chikhulupiriro).

Pali zinthu zitatu zimene anthu amazisakaniza, ndipo kuzisiyanitsa ndi kumene kumauza banja chochita.

Choyamba ndi kusokonezeka kwa masiku oyambirira. Nsengwa ikangotuluka, mahomoni a estrogen ndi progesterone, amene anali atakwera kwambiri pa nthawi ya pakati, amatsika m'masiku ochepa chabe. Cha pa tsiku lachitatu mpaka lachisanu mayi amatha kulira popanda chifukwa, kupsa mtima msanga, kenako n'kuseka. Izi zimachitikira theka la amayi kapena kuposa, ndipo zimatha zokha milungu iwiri isanakwane. Mankhwala ake ndi tulo, chakudya ndi mawu ofatsa. Onani kuti akika imagwera m'masiku omwewa. Akika ndi sunna, ndipo ikhoza kuchitika tsiku lina ngati banja silinakonzeke. Kudzaza nyumba ndi alendo mayi asanagone tulo tokwanira kwa sabata yathunthu, n'kumayembekezera kuti iye aziwamwetulira onse, si mbali ya sunnayo.

Chachiwiri ndiwo matenda enieniwo, amene madokotala amawatcha postpartum depression. Amayamba nthawi ina iliyonse m'chaka choyamba cha mwana, ena amayamba mayi akadali woyembekezera. Chizindikiro chachikulu ndi nthawi: kukhumudwa kapena kusasangalala ndi chilichonse pafupifupi tsiku lililonse kwa milungu iwiri kapena kupitirira. Mayi amalephera kugona ngakhale mwana atagona. Chakudya sichilowa, kapena amadya mosaleka. Amaiwala kuti waika mphika pamoto. Amadziona ngati mayi woipa, ndipo ena amayamwitsa ndi kusambitsa mwana bwinobwino koma mumtima samva chilichonse, zomwe zimawapatsa manyazi oti sangauze munthu. Kwathu kuno ambiri sanena kuti akhumudwa. Amati mutu ukuwawa, mtima ukuthamanga, thupi lonse likuphwanya, ndikuganiza kwambiri. Akayezedwa malungo kawiri katatu osapezeka, funso la mumtima liyenera kufunsidwa.

Chachitatu n'chosowa koma choopsa. Chimagwira mayi mmodzi kapena awiri pa 1,000, kawirikawiri m'milungu iwiri yoyamba. Mayi amatha masiku osagona koma osatopa, amalankhula mothamanga ndi mosalumikizana, amamva mawu amene ena sakuwamva, amakhulupirira kuti mwana si wake kapena kuti walamulidwa kuchita chinachake. Popeza zolankhula zake nthawi zambiri zimakhudza Allah, angelo kapena Shaitani, achibale amathamangira kunena kuti ndi majini. Uyu ndi wodwala wofunika kufika kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo asasiyidwe yekha ndi mwana. Kuchipatala amayamba ayeza ngati kusokonezekako sikukuchokera ku matenda a m'chiberekero, malungo aakulu kapena kuthamanga kwa magazi, chifukwa zonsezi zimathanso kubalalitsa mutu. Pa mbali ya Sharia, hadisi yodziwika imati cholembera chachotsedwa pa anthu atatu: wogona mpaka adzuke, mwana mpaka akule, ndi wosokonezeka mutu mpaka achire. Zimene mayiyu wanena ali m'matendawa sizimulembedwera, choncho achibale asamazisunge kuti adzamukumbutse pa milandu ya m'tsogolo.

Matenda okhumudwa sabwera ndi chifukwa chimodzi. Amakonda kugwira amene anadwalapo kale, amene anali ndi nkhawa yaikulu ali ndi pakati, amene anabereka movutikira kapena mwa opaleshoni yadzidzidzi, amene mwana wawo wabadwa masiku asanakwane kapena wamwalira. Kuchepa kwa magazi ndi vuto la chithokomiro zimabweretsa kutopa kofanana ndi kukhumudwa, n'chifukwa chake ndi bwino kuyezetsa. Koma zimene kafukufuku m'maiko ambiri amazipeza mobwerezabwereza ndi za pakhomo: kusowa womuthandiza, umphawi, kusamvana ndi mwamuna ndiponso nkhanza.

Kodi si kufooka kwa imani?

Funso ili ndi limene limachedwetsa amayi ambiri kupita kuchipatala, ndipo Qur'an yenijeniyo imaliyankha. M'Surat Maryam, ndime 23, zowawa za kubereka zitamufikitsa Maryam patsinde la mtengo wa tende, iye ananena kuti kukanakhala bwino akanafa izi zisanachitike, n'kukhala woiwalika. Awa ndi mawu a mkazi amene Qur'an imati anasankhidwa pamwamba pa akazi a zolengedwa zonse. Yankho limene anapatsidwa silinali chidzudzulo. Anauzidwa kuti asadandaule, anasonyezedwa kamtsinje pansi pake, anauzidwa agwedeze mtengo kuti tende zakupsa zigwe, adye, amwe, mtima ukhale pansi. Chitonthozo, madzi, chakudya. Anapatsidwanso chilolezo chosayankha anthu tsiku limenelo. Sitikunena kuti Maryam anadwala matendawa. Tikunena kuti mwamuna kapena apongozi amene akufuna kudziwa moyankhira mayi amene wanena mawu olemera chotere ali ndi chitsanzo.

Yaqub analira Yusuf mpaka maso ake anayera ndi chisoni, monga ikunenera Surat Yusuf ndime 84, ndipo anali mneneri. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anagwetsa misozi mwana wake Ibrahim atamwalira, nati diso limalira ndipo mtima umamva chisoni. Surat Luqman ndime 14 imati mayi amanyamula mwana mofooka pamwamba pa kufooka. Ngakhale madokotala akale a Chisilamu ankadziwa kusiyanitsa: Abu Zayd al-Balkhi, amene anamwalira mu 934, analemba kuti pali chisoni chimene chifukwa chake chimadziwika, ndiye pali china chimene chimangomugwera munthu popanda chifukwa chooneka, chochokera m'thupi, chofunika mankhwala.

Pali chinthu chimodzi chimene chimamuvuta mayi wa Chisilamu mwapadera, ndipo mashehe ayenera kumachitchula. Pa nthawi ya nifasi, pamene magazi akutuluka mayi atabereka, iye saswali ndipo sasala. Malinga ndi madhhab (njira yotanthauzira malamulo a Chisilamu) a Shafi'i, amene Asilamu ambiri a ku Malawi amatsata, nifasi nthawi zambiri imatenga masiku 40 ndipo malire ake ndi masiku 60. A Hanafi ndi a Hanbali amati malire ndi masiku 40. Magazi akasiya msanga, amasamba n'kuyamba kuswali. Swala za masiku amenewa sazibweza, kusala kokha ndiko amabweza. Lamuloli ndi chifundo, koma taganizirani munthu amene moyo wake wonse tsiku lakhala likugawidwa ndi swala zisanu. Mwadzidzidzi usana ndi usiku zasakanikirana, kumzikiti sapita, ndipo mphasa yoswalira yapindidwa pa nthawi yomwe mtima ukufunitsitsa pothawira. Ena amayamba kuganiza kuti Allah wawataya. Ayenera kuuzidwa momveka kuti kusiya swala pa nifasi ndiko kumvera, ndiponso kuti duwa, dhikiri, kumupemphera madalitso Mtumiki ndi kumvetsera Qur'an zonse n'zololedwa. Njira yothandiza ndi yoti adhana ikamveka, mayi akhale pansi mphindi zisanu, achite dhikiri ndi duwa yake. Tsiku limapezanso dongosolo lake.

Chinanso ndi maganizo oopsa obwera okha: chithunzi cha mwana akugwa m'manja, kapena akumira m'beseni. Amayi ambiri, ngakhale abambo, amawaona, ndipo amachita nawo mantha kwambiri. Hadisi ya mu Bukhari ndi Muslim imati Allah wakhululukira umma uwu zimene mitima ikunong'oneza malinga ngati munthu sanazichite kapena kuzilankhula motsimikiza. Madokotala nawo amati ganizo limene likumunyansa mwini wake n'kumupangitsa kusamala kwambiri n'losiyana ndi la mayi amene akuliona ngati lanzeru kapena ngati lamulo. Loyambalo alifotokozere namwino mopanda mantha. Lachiwirilo, komanso ganizo lililonse lofuna kudzipha, n'lofunika chipatala lero lomwe, ndipo mankhwala ophera makoswe, a m'munda ndi mapiritsi achotsedwe m'nyumba.

Pamene banja limagwedezekera

Matendawa saphwasula banja okha. Chimaphwasula ndi kutanthauzira kolakwika. Mwamuna akuona mkazi amene sakumulandira, nsima ikuchedwa, akamufunsa amayankha mokalipa kapena amangolira. Iye amati wasiya kundilemekeza. Amayamba kuchedwa kubwera, kucheza kumzikiti kapena pamsika mpaka usiku. Mkazi amaona kuchedwako ngati umboni wa zimene matenda akhala akumuuza kale, kuti ndi wopanda pake. Mawa lake amakhala wokwiya kuposa dzulo. Apongozi amalowererapo ndi mawu oti ife tinabereka asanu ndi atatu tikulima. Pakatha miyezi itatu nkhani yafika kwa ankhoswe, ndipo palibe amene watchulapo za matenda.

Surat al-Baqara ndime 233 ndiyo maziko a udindo pa nthawi imeneyi. Imati amayi ayamwitse zaka ziwiri zathunthu kwa amene akufuna kukwaniritsa, bambo wa mwana apereke chakudya ndi chovala mwa ubwino, munthu asasenzetsedwe choposa mphamvu zake, ndipo mayi asavutitsidwe chifukwa cha mwana wake. Imapitiriza kuti ngati awiriwo afuna kumuletsa kuyamwa mogwirizana ndi mokambirana, palibe tchimo. Mawu oti kukambirana ndi ofunika: nkhani ya kuyamwitsa si ya apongozi kapena ya mwamuna yekha. Mkaka wa m'mawere wokha kwa miyezi isanu ndi umodzi ndiwo wabwino kwa mwana, ndipo amayi ambiri okhumudwa amapitiriza kuyamwitsa akathandizidwa. Koma amene walephera asauzidwe kuti wachimwa. Ndimeyi imalolanso woyamwitsa wina, ngakhale masiku ano izi zimafuna kuyezetsa HIV kaye ndi kukumbukira kuti kuyamwa kumakhazikitsa chibale choletsa ukwati.

Thandizo lalikulu limene mwamuna angapereke ndi tulo. Mayi amene amadzutsidwa ola lililonse kwa milungu ingapo sangachire ngakhale amwe mankhwala abwino bwanji. Cholinga chikhale chakuti kamodzi pa tsiku agone maola anayi kapena asanu osadukiza. Zimatheka motere: ikatha swala ya usiku ya Isha mayi ayamwitse mwana mpaka akhute, kenako akagone kuchipinda china. Bambo kapena agogo akhale ndi mwanayo, amugeyetse, amusinthe thewera, amutonthoze. Akalira njala amubweretse adzayamwe mayi ali chigonere, akatha amutengenso. Mkaka wofinyira m'kapu yoyera yovundikira umakhala bwino pafupifupi maola anayi pamalo ozizirirapo, ndipo mwana akhoza kumwetsedwa ndi kapu. Ikatha swala ya m'bandakucha ya Fajr ndi mpata wina wabwino. Mwamuna amene akuona ngati izi zikumuchotsera ulemu akumbuke yankho la mayi Aisha atafunsidwa zimene Mtumiki ankachita kunyumba: ankatumikira a m'banja mwake, nthawi ya swala ikakwana n'kutuluka. Mtumiki yemweyo ankafupikitsa swala ya gulu akamva mwana akulira, podziwa mmene mtima wa mayi ake ukuvutikira.

Pa chakudya, mayi adye katatu ngakhale pang'onopang'ono, amwe madzi nthawi iliyonse akuyamwitsa, ndipo apitirize mapiritsi owonjezera magazi amene anapatsidwa. Mu Bukhari mayi Aisha ananena kuti talbina, phala lamadzimadzi la balere lothira mkaka ndi uchi, limatonthoza mtima wa wodwala ndi kuchotsako chisoni. Phala silichiza matendawa, ndipo balere sapezeka wamba kuno, koma phala lotentha la mgaiwa lothira nsinjiro lobwera nalo munthu wina m'mawa limagwira ntchito yomweyo.

Za kuchipinda n'zimene zimayambitsa mikangano yambiri imene sinenedwa poyera. Pa nifasi kugonana n'koletsedwa. Nifasi ikatha, chilolezo chabwerera, koma thupi ndi mtima sizitsata kalendala. Bala, kuuma kobwera ndi kuyamwitsa, mantha otenganso pakati ndi matenda omwewo zimachotsa chilakolako. Kumuwerengera mayi wodwala hadisi za mkazi wokana mwamuna wake ndi kugwiritsa ntchito mawu oona pamalo olakwika, pakuti akatswiri a malamulo a Chisilamu (fiqhi) amavomereza kuti matenda ndi chifukwa chomveka, ndipo Surat an-Nisa ndime 19 imalamula kukhala ndi akazi mwa ubwino. Pa talaka (chisudzulo) napo, ma ulama ambiri amati kuipereka mkazi ali pa nifasi n'koletsedwa, monga zilili pa nthawi ya kumwezi. Nzeru yake ikuonekeratu. Zikavuta, ndime 35 ya Surat yomweyo imati pasankhidwe woyanjanitsa wa kuchimuna ndi wa kuchikazi, zomwe n'zofanana ndi ankhoswe athu. Chofunika n'chakuti ankhoswewo, asanaweruze za mwano, afunse kuti khalidweli linayamba liti. Ngati linayamba mwana atabadwa, mlanduwo uyambe wadikira chipatala. Kupatula nkhanza: mayi amene akumenyedwa asauzidwe kuti apirire, atetezedwe.

Achibale akhoza kukhala mankhwala kapena matenda. Kumene mwamuna ali pachikamwini, mayi amakhala pafupi ndi amayi ake ndi abale ake, ndipo chikuta chimamupatsa mpumulo weniweni. Amene ali kuchitengwa kapena m'tauni m'nyumba ya lendi amatha kuyamba kutunga madzi ndi kuphikira banja lonse sabata isanathe. Sharia siikakamiza mkazi kutumikira apongozi. Akachita ndi ubwino wake. Amene amanyogodola chifukwa kwabadwanso mtsikana awerenge Surat an-Nahl ndime 58 ndi 59, zimene zimadzudzula munthu amene nkhope yake imada akauzidwa za mwana wamkazi. M'madera monga Mangochi ndi Machinga, kumene amuna ambiri ali ku Joni, mwamuna asaganize kuti kutumiza ndalama kwakwanira. Atchule munthu mmodzi wodalirika woti azigona pakhomopo milungu yoyamba, ndipo poimba foni afunse za mkazi wake asanapemphe chithunzi cha mwana. Pa mitala, kubweretsa nkhani ya mkazi wina m'miyezi imeneyi ndi kuthira mchere pabala, ngakhale chinthucho chili chololedwa. Abambo nawonso, pafupifupi mmodzi pa khumi, amakhumudwa mwana akabadwa, makamaka mkazi akamadwala, ndipo kwa iwo zimaonekera mu ukali ndi kuthawa pakhomo.

Kuchipatala kumachitika zotani

WHO imalangiza kuti mayi ndi mwana aonedwe m'maola 24 oyamba, pa tsiku lachitatu, pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndiponso pa milungu isanu ndi umodzi. Uliwonse mwa maulendowa, ngakhalenso tsiku la katemera, ndi mpata wonena. Mwamuna apite nawo, chifukwa mayi wamanyazi amangoti ndili bwino. Anene zinthu zogwirika: wakhala masiku angati osagona, akudya motani, walankhulapo za imfa kapena ayi. Azaumoyo ena amagwiritsa ntchito mafunso khumi a Edinburgh, amene anakonzedwa mu 1987 ndipo anamasuliridwa m'Chichewa. Amafunsa za masiku asanu ndi awiri apitawo, funso lililonse limapatsidwa 0 mpaka 3, ndipo zonse pamodzi zikafika 13 kapena kuposa pamafunika kuunika mozama. Funso lomaliza ndi la kudzivulaza, ndipo yankho lililonse losakhala ayi limatengedwa mwachangu posayang'ana zotsatira zina.

Matenda akakhala ocheperako, uphungu wokha umathandiza. Njira ya Thinking Healthy, imene WHO inaifalitsa mu 2015, inayesedwa koyamba m'midzi ya Asilamu ya ku Rawalpindi ku Pakistan, ndipo ankaipereka ndi alangizi a zaumoyo a m'mudzi, osati madokotala. Imaphunzitsa mayi kuzindikira ganizo lomufooketsa, kuliyesa ngati lili loona, ndi kubwezeretsa pang'onopang'ono zochita za tsiku ndi tsiku, banja lonse likutengapo mbali. Akakhala aakulu pamafunika mapiritsi. Sertraline ndi amene madokotala amakonda kwa oyamwitsa chifukwa amalowa mumkaka pang'ono kwambiri; fluoxetine ndi amitriptyline ndi amene amapezeka kawirikawiri m'zipatala za boma. Amitriptyline amagonetsa, choncho amamwedwa usiku, mayi asagone ndi khanda pamphasa imodzi atamwa, ndipo ndi bwino botolo lisungidwe ndi munthu wina popeza kumwa ambiri n'koopsa. Cholakwika chofala ndi kusiya msanga. Mankhwalawa amayamba kuoneka ntchito pakatha milungu iwiri mpaka inayi, pamene chizungulire ndi nseru zimabwera masiku oyambirira, ndiye ambiri amasiya akuti akundiwonjezera matenda. Ena amasiya atangopeza bwino, matenda n'kubwerera. Amayenera kupitirizidwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa munthu atachira, n'kusiyidwa pang'onopang'ono mouzidwa ndi dokotala. Si zoledzeretsa, ndipo Mtumiki analamula kuti akapolo a Allah azifuna mankhwala. Zipatala za m'maboma zili ndi anamwino a matenda a maganizo, ndipo ovutika kwambiri amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Ruqya, kumuwerengera wodwala Qur'an ndi maduwa odziwika, ikhoza kuyendera limodzi ndi zonsezi, ndipo mwamuna akhoza kumuwerengera yekha mkazi wake al-Fatiha ndi Surat zitatu zomaliza. Chokanidwa ndi wowerengera amene akuletsa mapiritsi, amene akumenya kapena kufukiza wodwala kuti jini lituluke, amene akufuna kukhala yekha ndi mkazi, kapena amene akuloza wachibale kuti ndiye walodza.

Ramadhani ikafika, mayi amene ali pa nifasi sasala. Woyamwitsa amene watuluka m'nifasi amaloledwa kumasula ngati akuopera thanzi lake kapena la mwana. Kwa a Shafi'i, akamasula poopera thanzi lake amangobweza masikuwo, koma akamasula poopera mwana yekha amabweza ndi kuperekanso fidya, chakudya chopatsa osauka. A Hanafi amati kubweza kokha. Amene akudwala matenda okhumudwa ali m'gulu la odwala, ndipo kudzuka pa daku pamwamba pa kudzutsidwa ndi mwana kumadula tulo timene akuchira nato. Akasankha kusala, mapiritsi a kamodzi pa tsiku akhoza kusunthidwira pa daku kapena pa futari atagwirizana ndi dokotala, ndipo kuphika futari ya banja lonse kukhale kwa ena. Mayi amene anadwalapo auze azamba ulendo woyamba wa sikelo pa mimba yotsatira, chifukwa matendawa amakonda kubwerera, ndipo amene anasokonezekapo mutu amafunika dongosolo la mankhwala ndi la tulo lokonzedwa mwana asanabadwe.